Mpingo wa a Singano Utathetsedwa

Kuseri kwa tchalitchi kunali kachipinda ka zenera limodzi, ndipo a Singano anakalambira m'menemo. Dzinali anawapatsa ndi amayi a kwaya, chifukwa nthawi zonse ankakhala ataluma singano, n'kumayankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ankasoka mayunifolomu a amayi, makatani a kuguwa, ndi mikanjo ya abusa yomwe chaka ndi chaka inkafuna kukulitsa m'chiuno. "Mzimu ukukula," ankatero a Singano akamaphwasula msoko, amayi aja n'kumasekera m'manja.

Analowa mpingowu amuna awo atangomwalira. Achibale atabalalika, anthu a mpingo ndi amene ankabwera kudzawasesera m'nyumba, kuwachapira, kapena kungokhala nawo duu mpaka dzuwa kupendeka. Zimenezi sanaziiwale. Anakokeramonso mlongo wawo wamng'ono, makaniko, yemwe analowa ndi mtima wonse. Mkazi wake atadwala, atsogoleri anamuuza kuti matenda aakulu amafuna chopereka chachikulu. Anagulitsa galaja, kenako nyumba. Mkaziyo anamwalirabe.

Patapita zaka, boma linayamba kufufuza mpingowo, ndipo makaniko uja anali mmodzi wa anthu amene anakaima m'khoti kufotokoza zomwe zinawachitikira. Khoti linalamula kuti mpingo uthetsedwe, katundu wake agulitsidwe kuti athandizire olakwiridwa. Pa wailesi ananena kuti palibe amene waletsedwa kupemphera, chomwe chatha ndi bungwe lokha. A Singano anamva zimenezi akusita katani, ndipo anamaliza kusita kaye asanakhale pansi.

Aboma anabwera m'mawa wina: mayi wovala nsapato zafumbi ndi amuna awiri onyamula katundu. Atatulutsa mabenchi, mayiyo anasuzumira m'kachipinda kaja.

"Amayi, makina osokerawa ndi a ndani?"

"Ndimasokera ndine."

"Ndikufunsa mwini wake."

"Anagula ndi mpingo. Koma lamba ndakhala ndikugula ndekha, ndi mafuta omwe."

Mayiyo anadzipukuta thukuta pakhosi. Nayenso ankaoneka kuti ntchitoyi yamukwana. "Pepani amayi, apita nawo. Lambayo chotsani."

A Singano anachotsadi lamba, n'kumupinda bwinobwino. Amuna aja atanyamula makina, pansi panatsala timaenje tinayi pomwe miyendo yake inadya simenti.

Masana ake mlongo wawo anawapeza kunyumba akutola ulusi pa siketi yawo. Anakhala pampando wa pakhomo, zala zili bii ndi girisi, chifukwa tsopano ankagwira ganyu pa galaja ya munthu wina.

"Achemwali, ine sindinanamepo kanthu m'khoti muja."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji simukundiyang'ana?"

"Ndatopa basi. Iwe sunaname, inenso sindinabe. Koma Lamulungu ndizipita kuti?"

"Matchalitchi alipo ambiri."

"Msinkhu uno ndikayambe kuphunzira nyimbo zatsopano? Akandikhazike kumbuyo ngati mlendo, azindiloza ndi milomo?"

Makaniko anawakonzera loko wa chitseko yemwe ankavuta, n'kunyamuka.

Kulozedwako kunayambadi. Pamsika anthu ankati "awo a mpingo wakuba uja", ngakhale amene kale ankabweretsa ana awo kudzayesa madiresi a ukwati. A Singano anapeza malo kwa telala wina pakhonde la sitolo. Ntchito yawo inali kupinda mathalauza ndi kusintha mazipi pa makina a mwini wake, iye akapita kukadya. Maso anali atayamba kuchita chifunga, moti kulowetsa ulusi kunkatenga nthawi, wobweretsa thalauza ali chilili.

Otsala a mpingo anayamba kukumana m'galaja ya mkulu wina wa mpingowo, ndipo a Singano anapitako. Munkanunkha petulo, anthu atakhala pa zidebe ndi matayala. Nyimbo zinali zomwe zija, ndipo misozi inawalengeza. Koma ulaliki wonse unali wa maloya ndi kuchita apilo. Kenako mkuluyo anayamba kupempherera "a Yudasi amene anatigulitsa", n'kutchula makaniko uja poyera. Ena anatsegula maso kuti aone nkhope ya a Singano. Iwo anadzuka pang'onopang'ono, chifukwa mawondo salola changu, anatola chikwama chawo n'kutuluka pemphero lili mkati. Sanabwererekonso.

Masiku ano Lamulungu kumabwera amayi awiri okalamba a kwaya kunyumba kwa a Singano. Amatseka zenera ngakhale palibe lamulo lowaletsa, n'kuimba motsitsa mawu. Nthawi zambiri amakangana kuti vesi lachiwiri limayamba bwanji, poti mabuku a nyimbo anapita ndi mabenchi. Akatopa amayamba kukambirana za msana ndi mankhwala a shuga.

Mmodzi wa amayiwo sayenda bwino, ndiye makaniko ndi amene amakamutenga pa galimoto ya kasitomala ikakhala yoti aiyese. Makanikoyo m'nyumba salowa. Amatsitsa mpando wa galimoto, n'kudziphimba chipewa kumaso mpaka amayi aja amalize. A Singano amamutumizira tiyi panja, ndipo kapu imabwerera yopanda kanthu.