Thako Lalifupi la Mfuti ya Agogo

Mfuti ya agogo inasiya kuwombera ine ndisanabadwe. Kachitsulo kokokera chipolopolo kanatayika pa msamuko, atate akuchoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Kafue, ndipo mumpope mwake mavu anamangamo nyumba. Komabe inkakhala pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa m'chitenje chatsopano kuposa cha amayi. Agogo anabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya azungu, ku chilumba cha Madagasika, ndipo ankati inali ya asilikali achifalansa. Momwe anadutsira nayo pamadoko onse aja sanafotokozepo zomveka. Ndikuganiza kuti pakamwa pangapa ndinatengera iwowo.

Aliyense akaiona, maso ankathamangira pa thako. Ndi mmene timautchulira kwathu mtengo wakumbuyo uja wotsamira paphewa. Linali lalifupi moseketsa, ngati la mfuti ya mwana. Pabanja ankati agogo, pokhala munthu wamfupi, analidula ndi sowo kuti chala chifike pokhethemulira. Ndiye popeza pa ana a atate wamfupi ndine, nthabwala yonse inatsikira pa ine. Ndikalephera kufikira chinthu pashelefu, wina ankangoti, "Musiyeni, nayenso anamudula ndi sowo yomweyo."

Ndakula nazo. Ndimagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, pamsika, ndipo munthu akabwera kudzafunsa njira yokha amachoka ndi thalauza. Koma ya sowoyi sindinapezepo yankho lake, mpaka tsiku lina pamene ndinajambula zilembo za pachitsulo cha mfutiyo n'kuzifufuza pafoni. Odziwa za mfuti zakale analemba kuti Afalansa ankapanga dala mathako aafupi, poti asilikali awo ankavala zikhoti zochindikala za m'nyengo yozizira, ndipo chikhoti chimadya malo paphewa. Ndinasunga nkhaniyo mumtima ngati katundu wabwino wodikira kasitomala wake.

Mwezi wa Okutobala wina, dzuwa likuwotcha mpaka malata kulira, atate anatiitana ana awo aamuna awiri. Mkulu wanga ndi wamtali ngati mlongoti wa magetsi, amagwira ntchito kufakitale ya feteleza, ndipo kutchalitchi kwawo kwa Pente ndi iye amagwira maikolofoni. Anali atanena kale poyera kuti mfutiyo ili ndi mizimu ya magazi, ndipo ikadzangofika m'manja mwake adzakwera nayo bwato padoko la Chanyanya n'kuiponya pakati pa mtsinje. Ine ndinkaifuna. Osati kuti ndigulitse, ngakhale palibe amene anandikhulupirira.

"Mfuti si wailesi yobwerekana," anatero atate, atakhala pampando wawo pansi pa mango. "Aitenga amene imukwana."

Mkulu wanga anayamba. Anaiyika paphewa monyinyirika, mphuno n'kukagunda chala chake chachikulu, chigongono chili m'mwamba ngati phiko la nkhuku yonyowa. Atate anangopukusa mutu. Ine nditaikweza, inakhala ngati inandidikira zaka zonsezi. Thako paphewa, tsaya pamtengo, chala pamalo pake. Basi, mfuti inali yanga. Chimene chinatsala n'kuthokoza n'kunyamuka.

Ndiye alamu anga, akazi a mkulu wanga, anaseka ali pakhonde. "Ee, ba mulamu, zoona agogo anadulira imwe! Sowo siinalakwe."

Wamalonda aliyense amadziwa kuti kasitomala akavomera, umatseka pakamwa n'kukulunga katundu. Ndimaphunzitsa anzanga zimenezi pamsika. Koma tsiku limenelo ndinatsitsa mfuti, n'kukonza kolala.

"Alamu, palibe anadula kanthu pano. Onani chitsulo cha kumapetoku, misomali yake ndi ya kufakitale. Afalansa analipanga chonchi dala, chifukwa msilikali wawo amavala chikhoti chachikulu. Si mfuti ya anthu aafupi iyi. Ndi ya anthu ovala bwino."

Ndinaona ngati ndapambana.

"Ndiye kuti," anatero atate pang'onopang'ono, "muyeso wake ndi wa munthu wovala chikhoti?"

"Eya, atate."

"Ndiye tayesa molakwa. Iwe suli ndi chikhoti mu mabelo ako aja?"

Ndikanatha kukana. Koma m'belo lina munali chijasi chaubweya chotuwa, cholemera ngati thumba la chimanga, chomwe chinandikanika kugulitsa nyengo zozizira zingapo. Munthu akandifunsa ngati ndili ndi katundu, pakamwa panga pamayankha pokha. Ndinathamanga kukachitenga, ndipo pobwera ndinali ndikuchitama kale: ubweya weniweni, mabatani onse alipo, cha ku Ulaya chenicheni.

Ndinayamba kuvala ndine. Manja a chijasicho anameza zala zanga, mapewa ake anatukumuka, ndipo nditakweza mfuti chala chinangokanda mphepo patsogolo pa chokhethemulira. Alamu anakhala pansi chifukwa cha kuseka. Mkulu wanga atavala, thukuta lili noninoni, mfuti inakhazikika paphewa pake ngati anabadwa nayo.

"Yamukwana," anatero atate.

M'maganizo ndinaona kale bwato, ndi madzi akutseka pamwamba pa chitenje.

Koma mkulu wanga sanaitsitse msanga. Tsaya lake linali litagwera pa kamalo kosalala, kakuda, pomwe mtengo unadyeka pang'ono ndi tsaya la munthu wina. Anakhala choncho, diso limodzi lotseka, akuloza mtengo wa mapapaya.

"Apa ndi pomwe ankayika nkhope agogo?" anafunsa, mawu ake atasiya za maikolofoni.

"Pomwepo," anatero atate. "Ndevu zawo zinkachita kusiya mafuta."

Anaikulunga yekha m'chitenje, bwinobwino, kuposa mmene ine ndikanachitira.

"Nanga ku Chanyanya, akulu, ndikupezereni bwato?" ndinayesa.

"Iwe, khala chete. Walankhula zokwanira lero."

Ndinakhaladi chete, koma pang'ono pokha. Akuvula chijasi ndinamukumbutsa kuti salaula yothiridwa thukuta siibwezedwa. Tinalimbana pamtengo mpaka nshima inazizira, ndipo anagula.

Lero mfutiyo ili kunyumba kwa mkulu wanga ku Estates, kuseri kwa wadiropu, yavekedwa chijasi chija kuti abusa akabwera asaione. Ndikapita kukacheza amandilola kuigwira, ndili m'malaya chabe, ndipo imandikwanabe ndendende. Alamu amaima pakhomo n'kufunsa ngati Afalansa ndi amenenso anandipanga dala.