Kandalama Pamutu pa Singano

Galamafoni ya bambo inachokera ku Chipata, itamangidwa pakaliyala wa njinga, ine ndisanabadwe. Nthawiyo iwo anali tenanti pa esiteti ya fodya ku Mkanda. Singano ikayamba kudumphadumpha pambale, mankhwala ake anali amodzi: kumata kandalama kachitsulo ndi phula pamutu pa singanoyo kuti ilemere. Aliyense wa galamafoni kwathu ankatero.

Mbale zambiri zinasweka posamukasamuka. Inatsala imodzi, imene ankavina ndi mayi akagulitsa fodya. Mayi atamwalira, bambo ankaiika Lamulungu lililonse pochokera ku Misa ku Guilleme, mpaka mawu ake anayamba kuzimirira. Makutu awonso anali akupita. Ankangofuna kuimvanso bwinobwino nyimboyo asanagontheretu.

Ndinawaimbira foni achimwene anga a ku Joni, amene chichokereni sanapondeko pakhomo, ngakhale pamaliro a mayi. Iwo, akatswiri a chilichonse bola pafoni, anati vuto ndi singano yopendekeka, ndipo aona kachipangizo kamagetsi kowongolera mutu wake.

"Ndigule, achemwali?"

"Musagule," ndinatero. "Kwerani basi mubwere. Bambo akutha."

"Inu za makina simuzidziwa."

Eya, ndine mbuli ine, wongodziwa kuwachapira bambo zofunda. Anakagula ndithu. Kanabwera ndi dalaivala wa thiraki, m'katoni yonyezimira, ndipo ndinakakatenga ndekha paboda dzuwa likuswa mtengo, mtima ukuwira ndi ukali.

Achimwene anandilangiza pafoni ya vidiyo. "Chotsani chindalamacho, ndi chimene chakhala chikulima mbaleyo ngati khasu." Apo ananena zoona, ndipo zinandinyansa kuti ananena zoona. Ndinamasula tizomangira, kuwongola, kumanganso, kumasulanso, thukuta kamukamu, mpaka kachipangizoko kanayatsa kagetsi kobiriwira. Iwo n'kumadziombera m'manja ku Joniko.

Ndinatsamiritsa foni pakapu, n'kuika mbale. Waaa! Ngati mtedza ukukazingidwa m'phale. Singano yowongoka bwino ija inkangoyandama pamwamba pa mizere yokumbika kalekale. Wina akandifunsa lero ngati kachipangizo kaja n'koyenera kukagula, ndimati kamagwiradi ntchito yake, koma mbale yotha sikaidzutsa.

Bambo anatchera khutu, kenako anapukusa mutu. "Mwana wanga, bwezera kandalama kaja."

Ndinabwezera. Singano inamira, ndipo pansi pa phokoso lija panatuluka timawu ta woimba, tapatali kwambiri. Bambo anayamba kugwedeza phazi, milomo ikutsatira nyimbo. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Nyimbo itafika pamene mayi ankakonda kulowa ndi nthungululu, bambo anatembenukira foni ija kuti mwana wawo amve nawo.

Achimwene anali atadula kale. Ntchito yawo inathera pa kagetsi.

Bambo anaiyang'ana foni yakudayo kwa kanthawi. "Wati akubwera liti?"

Ndinangowaikira kachipangizo kaja m'manja, kakuyakabe, poti ndi kokhako kanabwera.