Mwezi Umene Injini ya Bambo Inamira

Kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, kakafupi ngati chala, ndi kamene bambo ankayezera mpata wa pulagi ya injini ya boti. Kakalowa pakamwa pa pulagi mokhula pang'ono, ankati basi, moto udumpha. Kankakhala m'chitini cha masipanala, ndipo bambo atamwalira, ine ndili Folomu 2, panalibe wina wodziwa ntchito yake kupatula ine.

Kwathu kwa Makhuwira tinkadya za boti. Bambo ankawolotsa anthu pa Shire pamodzi ndi njinga zawo, mbuzi ndi matumba a mpunga. Maliro atangotha, madzi anasefukira. Boti linapezeka litakodwa m'bango, injini itagona m'matope masiku awiri. Ine ndi amayi tinainyamula pamtengo mpaka pakhonde. Inkanunkha dambo.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anabwera Lolemba. Anakoka chingwe choliza injini, chingwe n'kukana.

"Mlamu, ichi ndi chitsulo chabe tsopano," anauza amayi. "Lamlungu ndidzatenga, boti ndi zonse. Inu mudzakhala kwanga. Mtsikanayu sukulu yamukwana."

"Nanga ikalira, alamu?" anafunsa amayi.

"Ailize ndani? Uyu wa mabukuyu? Ikalira ndidzakupemphani ukondakitala."

Kumjigo amayi ena ankanena kuti mwana wamkazi akagwira injini, boti limalowa tsoka. Lero ndikakumbukira ndimapukusa mutu. Anthu omwewo ankakwera boti limene ine ndinkasakanizira petulo ndi oyilo kuyambira ndili Sitandade 6, ndipo palibe anamira.

Ndinayamba monga bambo ankayambira. Ndinamasula mapulagi onse awiri, ndinapendeketsa injini, ndikukoka chingwe mpaka madzi ofiira atatha kulavuka m'mabowo. Ndinathiramo oyilo. Kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, ndinaitsuka ndi petulo m'mbale yakale. Koyilo, imene imatumiza magetsi ku pulagi, ndinaiyanika pa lata padzuwa la Chikwawa limene limawotcha ngakhale mvula itangokata. Zala zanga zinang'ambika, zikhadabo zinada, fungo la petulo linandilowa mpaka mu yunifolomu.

Injini inayamba kuzungulira, koma kulira ayi. Ndikakhudzitsa pulagi pathupi pa injini n'kukoka, pakamwa pake panalibe kanthu. M'kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku muli mzere umodzi wokha: "Lachinayi. Moto palibe. Sindisiya."

Lachisanu ndinatsalira m'kalasi n'kuwafotokozera aphunzitsi a sayansi. Sanandiseke. Anati magetsi alibe ufiti, amangofuna njira youma ndi yoyera, yopita ndi yobwerera. Ine ndinkangoyang'ana yopita. Nditafika kunyumba ndinatsata mawaya ndi chala, limodzilimodzi, mpaka ndinapeza kawaya kakuda komangidwa pathupi pa injini. Pansi pa bawuti yake panali dzimbiri lobiriwira ndi matope ouma. Ndinapala ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala.

Ndinapempha amayi kuti akoke chingwe. Anamanga chitenje molimba, anaponda khonde ndi mwendo umodzi, n'kukoka. Ine mopupuluma ndinagwira pulagi pachitsulo ndi dzanja lonyowa thukuta. Kamoto kabuluu kanathetheka, ndipo mkono wonse unachita dzanzi mpaka m'mano.

"Yakuluma?" anafunsa amayi.

"Yandiluma!"

"Ndiye ndi yamoyo."

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi tinapeza bambo aang'ono atafika kale padoko ndi ngolo ya ng'ombe. Anthu anali atadzaza, ena kudikira mabwato, ambiri kudikira manyazi athu. Tinamangirira injini kumbuyo kwa boti. Ndinakoka kamodzi, zii. Kachiwiri, inatsokomola. Mwamuna wina anakuwa kuti ndisiye ndisanathyoke msana, ndikakwatiwa bwanji. Ndinapopa petulo, ndinaluma mlomo, n'kukoka kachitatu ndi thupi lonse. Utsi woyera unaphimba doko, madzi anawira kumbuyo, ndipo akakowa anauluka m'bango.

Amayi sanaimbe nthungululu. Anakwinya chitenje, analowa m'boti, n'kukhala pamalo pa bambo, dzanja pa chiwongolero chimene anali asanachigwirepo.

"Opita tsidya, kwerani," anatero. "Alamu, ngolo yanu ikutseka njira."

Tsiku limenelo ndinayenda ngati mfumu. Ndinkaganiza kuti mkangano wonse unali wa injini ndi sukulu yanga, ndipo ndaupambana ndi mpeni. Sindinamvetse chifukwa chake abale a bambo anasiya kutipatsa moni zaka zambiri. Mawu akuti chokolo ndinali nditawamvapo, koma sindinkadziwa kuti padoko paja, pamaso pa mudzi wonse, amayi anali kukana mwamuna.