Timabowo ta Pamphuno pa Mwana Wanga

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anatomeredwa, fodya anatichulukira. Pakhomo tinali awiri basi, chifukwa mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ine sindinakwatirenso. M'mawa tinkathyola masamba, masana tinkakhala m'chigafa n'kumasoka. Amene anagwirapo fodya akuudziwa utomoni wake. Umamata m'zala, umada bii, ndipo sopo amauchotsa ukasamba kachitatu. Kukatentha munthu umangopukuta thukuta ndi dzanja lomwelo.

Azakhali a mnyamata womutomerayo anatumiza mawu kuti pakatha masabata atatu abwera kudzamuona mtsikana. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anayamba kuchedwa pa kagalasi kanga kometera ndevu. Ankakatengera padzuwa n'kuyandikitsa nkhope. Nditamufunsa anati pamphuno ndi m'masaya mwake muli timabowo tikulutikulu ngati sefa, ndipo mkati mwake mwadzaza tinthu takuda. Ndinayang'ana, ndinaona nkhope ya mwana wanga. Ndinangoti tiye kumunda, dzuwa lakwera.

Lachisanu anakwera minibasi kupita ku boma kukagula mchere ndi ulusi wosokera fodya. Anabwerako ndi thonje ndi kabotolo ka madzi obiriwira, amene anati dzina lake ndi tona. Anagula pa Msika wa Lundazi kwa mayi wina wa ku Kasungu, amene anamuuza kuti akamapaka m'mawa ndi madzulo timabowo titsekeka sabata isanathe. Fungo lake linali ngati la spiriti wa kuchipatala. Mumtima ndinati zachabe izi, koma pakamwa ndinatseka. Ndinaphunzira kale kuti mawu oyamba kufika palilime nthawi zambiri si amene Ambuye amawadalitsa.

Sabata inatha, timabowo tili pomwepo. Iye anaganiza kuti akupaka mochepa, ndiye anayamba kupaka kanayi, kasanu, ngakhale m'chigafa momwemo, thonje ali nalo m'zala za utomoni. Kenako anayamba kufinya ndi zikhadabo. M'mbali mwa mphuno khungu linayamba kusupuka, pamphumi pakunyezimira mafuta kuposa kale. Lamulungu sanapite ku kwaya, akuti mutu. Ndinapita ndekha kutchalitchi, ndipo mawu ake anasowa m'nyimbo zonse.

Lolemba tikusoka, anayankhula osandiyang'ana.

“Adada, akabwela muwauze kuti nadwala. Ine sinituluka. Azayamba kuniyang'ana pamphuno ngati akusankha mtedza wa mbeu.”

Kwathu kuno mtsikana akapanda kutuluka kudzagwada ndi kupereka moni, alendo amabwerera ndi nkhani yawo, ndipo nkhaniyo imafika kwa mnyamata itakula. Maukwati ena anazizira chomwecho. Izi ndinkazidziwa, iyenso ankazidziwa. Akanakhalapo mayi ake akanadziwa chonena. Ine ndinangopitiriza kubaya masamba.

M'mawa mwake ndinaika kabotolo kaja m'thumba la jekete, n'kupalasa njinga kuchoka ku Mwase mpaka ku boma. Ndinalowa m'sitolo ya mankhwala, n'kukaika pathebulo. Mayi wogulitsa, wamkulu ndithu, anayang'ana kabotolo, n'kuyang'ana imvi zanga.

“Adada, mwayamba kuzikonza? Alipo amene mwamuona ku tchalitchi?”

Ndinamuuza kuti ndi za mwana wanga, ndipo ndinafotokoza zonse. Kuseka kunatha. Anati timabowoto tilibe chitseko choti n'kutseka. Munthu amabadwa nato, ndipo kawirikawiri ndi za kumtundu. Tona angathandize kuchotsa mafuta ndi litsiro lotsalira munthu akasamba, mwina timabowo n'kuoneka tochepa kwa kanthawi, koma osati kutha. Uyu wathuyu, anatero atanunkhiza, ndi waukali, akungowotcha khungu. Mwanayo asiye, azisamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wosawawa, asamakhule, asamafinye, azipaka mafuta opepuka, padzuwa azivala chipewa. Ndikutenga kabotolo kuti ndizipita, anandigwira dzanja n'kulitembenuza. Anafunsa ngati zala za mwanayo zilinso zakuda chonchi. Ndinavomera. Anapukusa mutu, nati zala zoterezi zisamafike kumaso.

Pobwerera miyendo inalema, ndipo pa zitunda ndinkatsika n'kumakankha njinga. Mawu aja oti za kumtundu sanandichoke. Pakhoma la pabalaza pathu pali chithunzi chimodzi cha mkazi wanga. Tinakajambulitsa ku boma, ndipo wojambulayo anasalaza nkhope yake mpaka inakhala ngati mbale yadothi yatsopano. Mwana wanga anakula akudziwa mayi ake ndi chithunzi chimenecho. Ine ndiye ndinkaidziwa mphuno yeniyeniyo, momwe thukuta linkadikha mu timabowo take tikamapalira chimanga, iye n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje.

Ndinamupeza m'chigafa. Ndinamuuza zonse zimene ananena mayi wa m'sitolo, ndipo anamva monga munthu amene wamva zambiri kale. Ndiye ndinamuitanira m'nyumba, pansi pa chithunzi.

“Mama, chithunzi ichi chinama. Amako anali na mphuno yako yomweyi, na timabowo tomweto. Naiyang'ana zaka khumi, sin'naone chilema.”

Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. Kenako anafunsa chifukwa chimene sindinamuuzepo. Zaka zonsezi sindinkakamba za mayi ake, ndinkayesa kuti kukhala chete ndiko kumusunga. Ndinangoti ndinalakwa.

Masiku otsalawo ndinamuletsa kugwira fodya. Anakana, koma ndinalimbikira. Ndinathyola ndekha, kusoka ndekha, kupachika ndekha. Masamba ena anapsa m'munda ndisanawafikire, ndipo msana unafika poti pogwada popemphera ndinkagwira mpando. Iye ankaphika, n'kumasamba kumaso monga anauzidwira. Kusupuka kunachepa. Timabowo sitinapite kulikonse.

Loweruka azakhali awiri anafika ndipo ndinawakhazika pamphasa pansi pa mango. Tinakamba za mvula, za maliro a kwawo, za msewu. Nkhani zinatha, chitseko cha kuchipinda chili chotseka. Ndinayamba kusakasaka mawu oti ndinene osanama. Ndisanawapeze chitseko chinalira. Anatuluka atavala chitenje cha mayi ake, anagwada, nati, “Monire.” Wamkulu wa azakhaliwo anamuyang'ana kumaso pang'ono chabe, n'kumugwira manja, nafunsa ngati manja oyera chonchi amadziwa kusoka fodya. Ndinayankha ine kuti amandiposa.

Anakwatiwa titakolola. Kabotolo kaja anakasiya pawindo, kali ndi madzi pakati, ndipo sindinakataye. Fodya ndinachepetsa munda, chifukwa manja awiri sangathe zambiri. Akabwera kudzandiona amandifunsa za mayi ake, ndipo ndimayankha zimene ndikukumbukira, ngakhale masiku ena ndimakhala nditatopa kwambiri moti mawu amatuluka ochepa.