Mwachotseranji Mayi Levulo ku Fiyeta?

Pa 14 Malichi, inu akuluakulu a chipatala munachotsa Mayi Levulo ku fiyeta n'kuwaponya kuchipinda cha mafayilo, ati amachedwetsa maopaleshoni. Ndinamva dzana, ndipo ndinapukusa mutu. Ndinaupukusa bwinobwino, kumanja ndi kumanzere, chinthu chimene chinandikanika zaka zinayi!

Poti zikuoneka kuti simuwadziwa, ndikuuzeni. Mayiwa ndi amene amayendetsa makina ojambula mafupa pamene madokotala akuchita opaleshoni. Bambo awo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo iwo anakula akuwanyamulira levulo, kachipangizo koyezera ngati khoma lawongoka. Dzinalo linachokera pomwepo. Pa ukwati wawo anaimitsa wojambula zithunzi kawiri, ati tayi ya mkwati yapendama. Akalowa muofesi mwanu, mudzayang'ane kalendala yapakhoma akamatuluka.

Ine ndinabwera dzanja litachita dzanzi. Kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a khosi kanaphwanyika n'kumapana mtsempha, choncho dokotala anati akachotse aikepo kachitsulo. Anandiuza yekha kuti kachitsuloko kayenera kukhala pakatikati penipeni. Kakapendekera mbali, khosi silizungulira bwino.

Zotsatirazi zinachitika ndili m'tulo, koma anamwino awiri andifotokozera mofanana, akuseka mpaka misozi. Dokotala ataika chizindikiro pafupa anati, "Jambulani, mayi, tipitirire."

Mayi Levulo anajambula, n'kuchiyang'anitsitsa chithunzicho. "Adokotala, apa mwalozapa si pakati."

"Mayi, ndinaphunzira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri."

"Sindikukana. Koma agogowa akusuzumira kukhomo ngati akudikira alendo. Mutu watembenuka."

Zinalidi choncho. Pulasitala imene anamangira chibwano changa inali itamatuka pansi pa nsalu, mutu n'kugwera kumanzere pang'ono, ndipo mutu ukapendama chithunzi chimanama. Wogonetsa odwala anapisa manja pansi pa nsaluyo, Mayi Levulo akumulamula: "Pang'ono. Mwapitiriza, achimwene, si chiwongolero cha basi chimenecho! Bwererani. Pomwepo!" Atajambulanso, chizindikiro chija chinapezeka chili kumbali ndi mamilimita atatu. Dokotala anangoti "Hm," n'kuchisuntha. Zonsezo zinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Kuchedwetsa mukunenako ndi kumeneko.

Lero ndikakwera basi ndimatembenuka n'kumuona ndi maso anga amene wandiponda. Mayi akunyumba akudandaula kuti sangandinyogodolenso kumbuyo. Loweruka ndinavina pakhonde, aneba akuombera m'manja, ndipo ndinayang'ana aliyense payekhapayekha.

Dzulo ndinakawaona kumafayilo kuja. Mashelefu onse awawongola kale.

"Agogo, musadzivutitse," anatero akuseka, "mapepala nawonso anali opendama." Kenaka anatsitsa mawu. "Mwadutsa ku fiyeta? Ndamva kuti Lolemba kuli khosi lina. Amene alowa m'malo mwangayo ndi munthu wabwino, koma dokotala akangotsokomola, amavomera chilichonse."

Za benchi yothyoka ya pakhomo panu ndinakulemberani kawiri, simunayankhe, ndipo makope ndinasunga. Kalata ino musaisowetse. Ndiyankheni polemba Lachisanu lisanathe: anasayina zowachotsa ndani, ndipo Lolemba likudzali aime pa makina aja ndani?