Amai Amene Anaphunzila Kuwelenga pa Malole

Owelenga anzanga, sabata yatha mau anandithela, ine mphunzitsi wa zaka zambili.

Makolo a ku Kalindawalo anandipempha kuti ndikakhale wolankhula wamkulu pa msonkhano wao wa Loweluka ku Petauke. Nkhani inali imodzi: kodi ana aakazi apitilize sukulu kapena azikhala pakhomo? M'kalasi langa atsikana atsala atatu okha. Ndinadziwa kuti ndikalankhula zozizila, atatuwonso ndiwataya.

Ndinalemba, ndinang'amba. Ndinalembanso. Zonse zinali mau akuluakulu ngati a anthu okangana za Chitaganya, omveka bwino koma osafika pamtima.

Lachinayi ndinapita ku Kacholola kukaona mlongo wanga wodwala. Pobwelela ndinakhala pansi pa mtengo kudikila lole, pepala lili pabondo. Pafupi nane panali amai ena a imvi, aMwanza, ogulitsa nshawa zokazinga. Anasuzumila papepalapo.

"Aphunzitsi, apa mwalemba 'chitukuko' katatu. N'chakudya kodi?"

Ndinaseka, kenaka ndinadzidzimuka. "Amai, mumawelenga? Munaphunzila sukulu iti?"

Analoza mseu. "Iyi."

Mwana wao woyamba, Yohane, anapita kukagwila nchito kumigodi ya kum'mwela. Makalata ake anali kuwawelengela bambo wina wa m'mudzi. Nthawi zonse ankati, "Akuti ali bwino, akupeleka moni." Miyezi inapita, kenaka unabwela uthenga wa malilo. Mnzake wa Yohane atabwela ndi katundu, anawelenganso makalata aja. M'menemo mwana anali kulila chifuwa, kupempha amai ake kuti atume munthu akamutenge.

"Bambo aja sanali oipa," anatelo aMwanza. "Anandimvela chisoni. Koma chisoni chaocho chinandilanda mwana. Ndinalumbila kuti mau a mwana wanga sindidzawamvanso m'kamwa mwa wina."

Sukulu ya akulu kunalibe. Tsono lole iliyonse ikaima, ankaloza chilembo pa chitseko chake n'kufunsa dalaivala kuti, "Bambo, ichi chokhala ngati denga la nkhokwe n'chiani?" Ena ankawaseka, ena ankawauza. Lole ikachoka, ankachilemba pansi ndi kamtengo mpaka chikhazikike m'mutu. Anawelenga pa zitseko za malole, pa masaka a thonje, pa mabokosi a sopo. Mvula zinayi!

Anamasula nsonga ya chitenje natulutsa kalata ya mwana wao wachiwili, amene ali ku Kabwe. Anaiwelenga mokweza, chala chikuyenda pansi pa mau, osaphonya ngakhale limodzi. Ine ndili ndi choko, bolodi ndi mabenchi, koma sindinaonepo munthu akugwila zilembo ngati mmene anazigwilila amai aja.

Loweluka pepala langa ndinalisiya kunyumba. Ndinangosimba za aMwanza, monga anandilolela, ndi kukhala pansi. Kenaka aLungu, bambo amene anachotsa mwana wao wamkazi, Tisa, pasukulu mwezi watha, anaimilila.

"Ana anga aamuna onse ali ku Walale, kunchito za m'matauni akutali," anatelo. "Makalata ao amandiwelengela ndi munthu wina. Lolemba Tisa abwelela kusukulu."

Si onse anavomela, ndisanameko. Ena anatuluka akung'ung'udza za nchito ya kumunda. Koma Lolemba Tisa anabweladi, ndi mnzake wina.

Ife ophunzila tili ndi vuto. Tikapatsidwa mpata wolankhula timathamangila m'mabuku kukasaka mau olemela, anthu odziwa nkhaniyo tawapitilila panjila osawapatsa ngakhale moni. Akulu anati safunsa anadya phula. Amai aja anafunsa madalaivala zaka zinayi osachita manyazi. Ine pakanapanda iwo kundiyamba, sindikanawafunsa kanthu.

Anyamata athu akupita m'migodi ndi m'matauni mwezi ndi mwezi, pamudzi patsala amai ndi alongo ao. Inu bambo amene mwasunga mwana wamkazi pakhomo lelo, kalata yoipa ikadzafika, adzakuwelengelani zoona ndani?