Tsiku Limene Ndinauma pa Msonkhano

Tsiku limenelo ndinkagwirira ntchito kunyumba ku Area 47 chifukwa mwana ankadwala. Msonkhano wa pa vidiyo uli mkati, abwana anga anafunsa kuti, "Mayi Chisale, lipoti lija lili pati?"

Lipotilo ndinali ndisanaliyambe n'komwe. M'malo moyankha ndinangouma, kukamwa kuli yasa, ngati chithunzi chaima. Ndinakhala choncho mpaka khosi linayamba kuwawa, kenako ndinatseka laputopu n'kulemba uthenga wakuti, "Pepani, netiweki yakuno ndi yovuta."

Abwana anandimvera chisoni, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka mpaka lero. M'mawa mwake anatuma a Gondwe, bambo wachikulire amene amatikonzera makompyuta, kuti adzayeze liwiro la intaneti yanga. Anakwera maminibasi awiri kuchokera ku City Centre, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapatsa madzi ozizira, uku ndikupemphera chamumtima kuti magetsi azime.

Sanazime. Anayeza pabalaza, anayeza kuchipinda, anayezanso pakhonde. Kasingano ka pa foni yawo kankangothamangira kumapeto.

"Amayi, iyitu ikuposa ya ku ofesi," anatero.

Ndinayamba kunamizira mitambo ya dzulo lake. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbee. A Gondwe anamaliza madzi awo.

"Ndikawauza abwana kuti lero ili bwino, si bodza limenelo," anatero akuimirira. Atafika pageti anacheuka. "Pa msonkhano paja ndinalipo. Tsiku lina mukamauma, musamaphethire."